Kusunga ndalama pamene mitengo ikukwera: kuyerekeza njira zisanu ndi ziwiri

Munthu amene adali ndi K1,180,000 kubanki kumayambiriro kwa Novembala 2023 adali ndi ndalama yokwana madola 1,000 a ku America. Banki yaikulu ya Reserve itachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mwezi womwewo, dola imodzi n'kufika pa K1,700, ndalama ija idatsala yokwana madola osafika 700, chonsecho m'buku lake simudachoke ngakhale tambala imodzi. Aka kadali kachiwiri m'miyezi 18, popeza mu Meyi 2022 kwacha idagwetsedwanso ndi 25 peresenti. Mitengo idatsatira m'mbuyo. Ofesi ya National Statistical Office ku Zomba, imene imalengeza mwezi ndi mwezi momwe zinthu zikukwerera, idapeza kuti mu Janyuwale 2024 mitengo idali itakwera ndi 35 peresenti poyerekeza ndi chaka chapitacho, ndipo chaka chonse cha 2024 kukwerako kudali pafupifupi 32 peresenti.

Musanasankhe posunga ndalama, ndi bwino kudziwa kumene kukweraku kumachokera, chifukwa njira iliyonse imateteza ku mbali ina n'kukusiyani poyera mbali ina. Muzu woyamba ndi chakudya, chomwe chimatenga kupitirira theka la zinthu zimene ofesi ija imawerengera, kotero namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 ndi ng'amba ya 2024 zidakweza chiwerengero chonse pokweza chimanga. Muzu wachiwiri ndi ndalama zakunja: mafuta a galimoto, feteleza ndi mankhwala zimalowa kudzera ku madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, zimalipiridwa m'madola, ndipo madola a fodya, tiyi ndi shuga sakwanira, makamaka kuchokera pamene nkhondo ya Russia ndi Ukraine idakweza mafuta ndi feteleza mu 2022. Muzu wachitatu ndi boma lomwe limawononga zambiri kuposa zimene limatolera, n'kumabwereka m'dziko momwemuno. Pofuna kuchepetsa kukwera kwa mitengo, banki ya Reserve idakweza chiwongoladzanja chake kuchoka pa 12 peresenti mu 2021 kufika pa 26 peresenti mu Febuluwale 2024, koma chiwongoladzanja sichigwetsa mvula ndipo sichibweretsa sitima ya mafuta padoko.

Miyeso yoyerekezera

Akatswiri a zachuma amasiyanitsa phindu lolembedwa papepala ndi phindu lenileni, lomwe ndi lotsala mukachotsapo kukwera kwa mitengo. Mukasunga K1,000,000 n'kulandira K50,000 pakutha pa chaka, pamene katundu amene adali wa K1,000,000 wafika pa K1,300,000, ndiye kuti mwataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a zimene mukadagula. Muyeso umenewu uli pansi pa zonse zotsatirazi. Pamwamba pake, njira iliyonse yayesedwa pa mitu inayi yofanana: zolipira, kuphatikizapo msonkho, kupezeka kwake, ndiko kunena amene angaifikire ndi nthawi imene imatenga kuti ndalama ibwerere m'manja, chisamaliro chimene imafuna kwa mwiniwake, ndi chiopsezo chake.

Akaunti ya kubanki

Zolipira: Akaunti zambiri zimadulidwa ndalama mwezi uliwonse komanso potapa, ndipo chiwongoladzanja chimadulidwa msonkho wa 20 peresenti. Akaunti yosungira wamba mu 2024 inkapereka chiwongoladzanja chosafika 10 peresenti pachaka, pamene banki yomweyo ikakubwerekani inkayambira cha m'ma 25 peresenti. Akaunti yotsekera ndalama kwa miyezi ingapo, imene amaitcha fixed deposit, imapereka chokwererapo, ndipo mukakhala ndi ndalama zambiri mutha kukambirana ndi banki, chinthu chimene ambiri sayesa n'komwe.

Kupezeka: Chofunika chachikulu potsegula ndi chiphaso cha unzika, ndipo ndalama mumaitapa tsiku lomwelo kapena kuitumiza pa foni. Yotsekera ija mukaithyola nthawi isanakwane mumataya chiwongoladzanja.

Chisamaliro: Chochepa kwambiri, kupatula kukumbukira tsiku limene yotsekera ikutha.

Chiopsezo: Wakuba sangaifikire mosavuta, ndipo tsopano kuli bungwe la Deposit Insurance Corporation lomwe limabwezera osunga ndalama kufika pa malire ake banki ikagwa. Koma kutaya mphamvu kwa ndalamayo sikuti n'kwa mwina ayi, n'kotsimikizika.

Kubwereketsa boma kudzera mu Treasury bills

Zolipira: Boma limabwereka pogulitsa mapepala a ngongole otchedwa Treasury bills, a masiku 91, 182 kapena 364, ndipo mu 2024 phindu lake lidakhazikika pa 16, 20 ndi 26 peresenti pachaka motsatana. Mukachotsa msonkho wa 20 peresenti, 26 uja amatsika kufika pafupifupi 21. M'chaka chimene mitengo idakwera ndi 32 peresenti, wobwereketsa boma adatayabe, ngakhale adataya pang'ono poyerekeza ndi wa akaunti wamba. Imeneyi ndi mfundo imene otsatsa malonda sanena mokweza.

Kupezeka: Banki ya Reserve imagulitsa sabata iliyonse, ndipo munthu wamba amadzera kubanki yake kapena ku kampani yovomerezeka yoyendetsa chuma cha anthu. Amene ali ndi ndalama zochepa atha kulowa kudzera mu unit trust, thumba limene anthu ambiri amasonkhamo kuti oyendetsa agulire pamodzi mapepala a boma, ngakhale oyendetsawo amadulapo gawo lawo.

Chisamaliro: Kusankha nthawi, ndi kugulanso ikatha. Ndalama ikangobwerera mu akaunti n'kukhalamo miyezi iwiri, phindu lija layamba kale kusungunuka.

Chiopsezo: Anthu amati boma silisowa kwacha popeza ndilo limaisindikiza, ndipo izi n'zoona pang'ono chabe. Bungwe la IMF, lomwe limabwereketsa maiko ndalama, lidanena poyera kuti ngongole ya Malawi yafika posabwezeka popanda kukonzanso, ndipo ndondomeko yake yobwereketsa Malawi madola pafupifupi 175 miliyoni imene idayamba mu Novembala 2023 idathera panjira mu Meyi 2025. Ku Ghana, boma litalephera kubweza ngongole mu Disembala 2022, lidasintha mapepala a ngongole zake za m'dziko n'kutalikitsa nthawi yobweza komanso kuchepetsa phindu. Chofunika kuchiona n'chakuti Treasury bills sadawakhudze, adakhudza mapepala a zaka zambiri. Ichi si chitsimikizo chakuti kwathu kuno zingadzayende chimodzimodzi, koma chikusonyeza kuti pepala la masiku 364 ndi la zaka 10 si zofanana, ngakhale lachiwirilo likulonjeza zambiri.

Masheya

Zolipira: Wogula masheya, omwe ndi magawo a umwini wa kampani, amalipira bulokala (wogulira ndi kugulitsira anthu masheya) kagawo kochepa pogula ndi pogulitsa, ndipo phindu limene kampani imagawa limadulidwa msonkho wa 10 peresenti. Funsani bulokala za msonkho wa pogulitsa musanagule, chifukwa umasintha ndi bajeti.

Kupezeka: Msika wa Malawi Stock Exchange uli ku Blantyre, ndipo mu 2024 udali ndi makampani 16 okha, mwa iwo National Bank, Standard Bank, FDH Bank, NBS Bank, NICO Holdings, Press Corporation, Illovo, TNM ndi Airtel. Mumatsegula akaunti kudzera kwa bulokala wovomerezeka, ndipo kukhala kutali ndi Blantyre sikulinso chopinga chachikulu monga kale. Chopinga chenicheni ndi kuchepa kwa malonda: masheya ambiri ali m'manja mwa mabungwe a penshoni ndi makampani aakulu amene sagulitsa kawirikawiri, ndipo tsiku lofuna kugulitsa mutha kusowa wogula pa mtengo umene mukuuona m'nyuzipepala.

Chisamaliro: Kuwerenga malipoti a pachaka ndi a pakati pa chaka, komanso kudziletsa kugula chifukwa chakuti anzanu a pa WhatsApp akugula.

Chiopsezo: Mwa njira zonse za papepala, iyi yokha ndiyo idaposa kukwera kwa mitengo mosakayikitsa, popeza chiwerengero cha msika wonse chidakwera ndi pafupifupi 79 peresenti mu 2023 ndi 55 peresenti mu 2024. Komabe yang'anani kumene phindulo likuchokera. Gawo lalikulu la msikawu ndi mabanki ndi makampani a eni mabanki, ndipo m'zaka zimenezo mabanki ankapeza phindu lochuluka pobwereketsa boma pa chiwongoladzanja chokwera. Munthu amene wagula Treasury bills ndi masheya a banki angaganize kuti wagawa ndalama pawiri, chonsecho zonse zatsamira pa wobwereka mmodzi. Makampani odalira zipangizo zakunja nawo amavulala kwacha ikagwa, chifukwa ngongole zawo za m'madola zimatupa tsiku limodzi.

Madola ndi ndalama zina zakunja

Zolipira: Pali mitengo iwiri. Wa kubanki udakhala cha pa K1,750 kuchokera mu 2024, pamene wa pamsika wosavomerezeka, umene anthu amati pa bulaki, udaposa kawiri pamenepo mu 2025. Wogula pa bulaki amakhala atalipiriratu kugwa kwa kwacha kumene akukuopa, ndiye ngakhale boma litagwetsa kwacha mawa, phindu lake lingakhale lochepa kapena losakhalapo.

Kupezeka: Amene amalandira ndalama zakunja movomerezeka, monga ogulitsa katundu kunja ndi olipidwa kuchokera kunja, atha kutsegula akaunti ya ndalama zakunja kubanki. Kwa wina aliyense, kugula madola kubanki kumafuna zikalata zosonyeza ulendo, sukulu kapena katundu, ndiponso kudikira pamzere wautali.

Chisamaliro: Kutsatira malamulo, omwe amasintha pafupipafupi. Mu Ogasiti 2021, mwachitsanzo, ogulitsa kunja adalamulidwa kusintha 30 peresenti ya madola awo kukhala kwacha.

Chiopsezo: Kugula ndi kugulitsa ndalama zakunja kwa munthu wopanda chilolezo ndi mlandu, ndipo kumabwera ndi madola achinyengo komanso akuba. Za mu akaunti nazo zili pansi pa lamulo la boma: ku Zimbabwe mu 2019 ndalama zambiri zimene anthu ankaziwerenga ngati madola a ku America m'mabanki zidasandutsidwa ndalama ya m'dzikomo, yomwe idagwa msangamsanga, ndipo abale athu okhala ku Harare ndi ku Bulawayo akuikumbukira nkhaniyi. Dola nayo si mwala, popeza mu Juni 2022 mitengo ku America idali itakwera ndi 9.1 peresenti poyerekeza ndi chaka chapitacho.

Chimanga ndi mbewu zina

Iyi ndiyo njira imene makolo ankaidziwa nkhokwe zili pabwalo, ndipo ikuyenera kuunikidwa mofatsa chifukwa ambiri amaiyesa yophweka kuposa mmene ilili.

Zolipira: Kuwonjezera pa mtengo wa chimangacho pali matumba, mankhwala monga Actellic kapena matumba osalowa mpweya a PICS, thiransipoti, aganyu onyamula, ndi malo. Chimanga chimapepukanso chikamauma, kotero makilogalamu amene mudagula mu Meyi sadzakwana onse mu Janyuwale.

Kupezeka: Paliponse m'miyezi yokolola, kuyambira Epulo mpaka Juni, ndipo mutha kuyamba ndi matumba awiri. Ogula sasowa. Amene ali ndi matani ambiri atha kusungitsa ku nyumba zosungiramo mbewu zimene zimapereka chikalata, monga za bungwe loyendetsa msika wa mbewu la ACE.

Chisamaliro: Chachikulu. Kuumitsa bwino, kusanja matumba pamitengo kuti asakhudze pansi, kuyendera mwezi uliwonse, kuthiranso mankhwala. Nankafumbwe, makoswe, chiswe ndi chuku sizidikira kuti mwiniwake apeze mpata.

Chiopsezo: Kawirikawiri mtengo umakwera kuchoka pa nthawi yokolola kufika m'miyezi ya njala, ndipo malipoti a mwezi ndi mwezi a bungwe lofufuza la IFPRI ku Lilongwe amasonyeza zimenezi chaka ndi chaka. Kumayambiriro kwa 2025 thumba la makilogalamu 50 lidapitirira K80,000 m'misika yambiri. Koma kawirikawiri si nthawi zonse. Mu 2017 dziko lidakolola zochuluka, boma n'kuletsa kugulitsa chimanga kunja, ndipo mtengo udagwa n'kukhala pansi miyezi yambiri, osunga n'kutsala ndi matumba otsika mtengo kuposa chiyembekezo chawo. Chimanga cha chithandizo, malonda a ADMARC ndi chimanga cholowa kuchokera ku Tanzania, Zambia ndi Mozambique zimathanso kugwetsa mtengo mwadzidzidzi. Kafukufuku wa Marshall Burke, Lauren Falcao Bergquist ndi Edward Miguel kumadzulo kwa Kenya, wofalitsidwa mu 2019, adapeza kuti alimi amene adapatsidwa ngongole pa nthawi yokolola kuti asagulitse msanga adapindula pafupifupi 29 peresenti pa ngongoleyo, komanso kuti m'madera amene osunga adachuluka, kusiyana kwa mitengo kudachepa ndipo phindu la wosunga aliyense lidatsika. Tanthauzo lake n'lakuti chaka chimene aliyense m'dera lanu akusunga ndicho chaka choyenera kuchepetsa chiyembekezo. Pali chiopsezo chinanso chimene kafukufuku sachiwerengera: thumba looneka m'nyumba n'lovuta kumana m'bale wobwera ndi njala kapena pamaliro.

Poloti, ziweto ndi zomangira

Zolipira: Poloti imafuna ndalama yambiri nthawi imodzi, kuphatikizapo ya oyeza malo, ya zikalata, ndipo m'mizinda ya msonkho wa khonsolo. Mbuzi ndi nkhumba zimayambika ndi zochepa koma zimadya tsiku lililonse. Malata, zitsulo ndi mawaya zimatsatira mtengo wa dola, ndiye wozigula kwacha isanagwe wapulumutsa ndalama yeniyeni.

Kupezeka: Kugula n'kosavuta, kugulitsa ndiko kumasiyana. Mbuzi imagulitsika tsiku la msika, pamene poloti imatha miyezi, ndipo wogulitsa mofulumira chifukwa cha matenda amagulitsa motchipa.

Chisamaliro: Poloti yosayenderedwa anthu amalimapo, ena amasuntha malire. Ziweto zimafuna khola, katemera ndi woweta wokhulupirika. Simenti isasungidwe nthawi yaitali, imauma m'thumba momwemo.

Chiopsezo: Pa malo, vuto lofala ndi poloti imodzi kugulitsidwa kwa anthu awiri, kapena munthu kugulitsa malo a banja abale ake osadziwa. Lamulo la malo a makolo la 2016, lomwe lidakonzedwanso mu 2022, lidatsegula njira yolembetsa malo otere, koma kalata ya amfumu payokha siilowa m'malo mwa kufufuza ku ofesi ya za malo. Pa ziweto, chigodola chimatha kupululutsa khola lonse la nkhumba m'masiku ochepa ndipo chilibe mankhwala, pamene matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi akabuka ku Chikwawa kapena ku Nsanje misika ya ng'ombe imatsekedwa.

Banki mkhonde

Zolipira: Palibe zodula za mwezi, kupatula thumba la zadzidzidzi ndi chindapusa cha wochedwa. Magulu ambiri amabwereketsa pa 10 kapena 20 peresenti pamwezi, ndipo n'chifukwa chake pogawana ndalama imaoneka yochuluka. Koma chiwongoladzanja chimenecho chimachokera m'matumba a mamembala omwewo, ndiye amene adabwereka kwambiri n'kugula zakudya amangolandiranso ndalama yake yomwe, pamene wopindula weniweni ndi amene adasunga zambiri n'kubwereka pang'ono, kapena amene adaika ngongoleyo mu geni yoyenda.

Kupezeka: Kumudzi, kumsika, kumpingo ndi kuntchito komwe. Ndalama zanu zimatuluka pa nthawi yogawana, kawirikawiri pakatha miyezi 9 mpaka 12, ndipo pakati apo mumangobwereka.

Chisamaliro: Kupezeka pamsonkhano sabata iliyonse, kuyang'ana kaundula, ndi kulimba mtima pokumbutsa mnansi ngongole.

Chiopsezo: Bokosi kubedwa, msungichuma kuthawa, mamembala kulephera kubweza, ndipo palibe bungwe lobwezera. Kafukufuku amene adachitika m'midzi 46 ku Karonga, wofalitsidwa mu 2016, adapeza kuti mabanja a m'midzi yokhala ndi maguluwa ankadya kangapo patsiku kuposa anzawo ndiponso ankaika ndalama zambiri ku ulimi. Ubwino wake waukulu ukuoneka kuti uli pa kuzolowetsa munthu kusunga ndi kumpezera mpamba pa nthawi yake. Gulu limene likulonjeza phindu lalikulu popanda kufotokoza amene akubwereka, limenelo lasiya kukhala banki mkhonde.

Njira iti kwa yani

Wogwira ntchito yolandira pamwezi amene alibe ndalama ya padera ayambe ndi akaunti wamba, asungemo zokwanira miyezi iwiri kapena itatu ya pakhomo, ndipo avomere kuti ndalama imeneyo ikutha mphamvu pang'onopang'ono. Kutayako ndi mtengo wa kupewa katapila tsiku limene mwana wagonekedwa m'chipatala. Zoposa pamenepo zisakhalitse m'menemo.

Kholo limene likusonkha fizi yofunika m'miyezi 6 kapena 12 likuyenera Treasury bills kapena unit trust, posankha nthawi yothera pafupi ndi tsiku lotsegulira sukulu. Masheya sali oyenera ndalama ya tsiku lodziwika, chifukwa tsikulo lingafike msika uli pansi.

Mlimi, komanso banja la m'tauni lokhala ndi chipinda chouma, asunge choyamba chimanga chimene adzadye okha mpaka kukolola kwina. Pa chimenechi chiopsezo cha mtengo n'chochepa, popeza ukatsika amadyabe chimanga chawo, ukakwera apulumuka. Chosungira malonda chikhale chowonjezera, chogulidwa ndi ndalama yawoyawo osati ya ngongole ya 20 peresenti pamwezi, yomwe m'miyezi isanu ndi umodzi imadya phindu lonse. Mlimi amene wagulitsa fodya kapena soya mu Juni achita bwino kugula feteleza wake nthawi yomweyo, kusiyana n'kusunga kwacha mpaka Novembala.

Amene akufuna kumanga m'zaka ziwiri zikubwerazi agule malata ndi zitsulo pang'onopang'ono, simenti n'kudzagula mmisiri ali pamalo. Wa geni yoyenda msanga, monga wogulitsa nsomba kapena kaunjika, nthawi zambiri amapeza zambiri pobweza ndalama mu katundu wake, ndipo banki mkhonde imamuthandiza kupeza mpamba wa nyengo.

Wokhala ku Johannesburg kapena ku London amene amatumiza ndalama kumudzi asasinthiretu zonse kukhala kwacha kuti zidikire mu akaunti. Atumize zofunika pa nthawi yake kudzera m'njira zovomerezeka, ndipo ngati akugula poloti atume munthu wina, wosiyana ndi amene akulandira ndalamayo, kuti akafufuze zikalata ku ofesi ya za malo.

Masheya akuyenera amene ndalama yake sadzaifuna kwa zaka zisanu kapena kuposerapo ndipo angapirire kuiona itatsika, agule pang'onopang'ono m'makampani a ntchito zosiyana osati mabanki okhaokha. Wopuma pantchito amene walandira ndalama yake nthawi imodzi ali pa mpanipani woposa onsewa, chifukwa alibe malipiro ena obwezeretsa cholakwika. Iyeyu aike gawo lalikulu mu Treasury bills za nthawi zosiyana, zina za masiku 91, zina 182, zina 364, kuti miyezi ingapo iliyonse kuzibwera ndalama ya pakhomo, gawo locheperapo m'masheya a makampani amene amagawa phindu chaka ndi chaka, ndipo chimanga cha chaka chonse agule mu Meyi.